Magalasi Amene Amayi Anu Anakwecha

Lusiya, tsiku lija unabwera ndi mlongo wako Yohane kudzatikonzera m'nyumba, unapeza m'sutikesi mwanga magalasi akale okulungidwa mu duku, ndipo unatsala pang'ono kuwaponya kudzala. Unafunsa kuti, "Ababa, awa ndi magalasi kapena zidutswa za botolo?" Ndinangokulanda osayankha, chifukwa yankho lake ndi lalitali ndipo iwe unali ndi tsache m'manja. Tsopano ndinapuma pantchito, nthawi ndili nayo yochuluka kuposa nkhuku za amayi anu, ndiye ndati ndilembe. Za ubwana wanga ndizisiya, amalume anu anakuuzani kale, zina mothira mchere. Ndiyambira pamene ndinalowa m'labu ya pa esiteti ya tiyi.

1994

Ndinalembedwa ntchito chaka cha chisankho chija, anthu onse pakamwa pali ndale, ine mtima uli pa jasi loyera limene anandilonjeza. Udindo wanga unali wothandiza m'labu ya tizilombo, kachipinda kamodzi kuseri kwa fakitale, kumene fungo la tiyi wofota linkalowa pawindo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ntchito yeniyeni inali ya miyendo. M'minda tinkatchera misampha ya nyale, ndipo kukacha ndinkayenda kukatola agulugufe ausiku amene agweramo, kuti tidziwe ngati mtundu umene mbozi zake zimaboola tsinde la tiyi ukuchuluka. Ndinkaikonda nthawi imeneyo. Chiperoni chikatsika, minda yonse inkasowa, n'kungotsala mitu ya othyola tiyi ndi madengu awo akuyandama pa nkhungu, mawu awo akumveka patali ngakhale ali pafupi. Kangapo konse kapitawo anandipeza nditaima pakati pa mizere, botolo lili m'manja, ndikungoyang'ana kumene kulibe kanthu, ndipo mbiri inafala yoti mnyamata wa kulabu amalota ali chilili.

Bwana wanga woyamba anali a Msiska, munthu wamtali wochokera kumpoto, amene ankang'ung'udza nyimbo za kutchalitchi akamagwira ntchito. Tsiku lina nditakhuthula agulugufe patebulo, anatenga mmodzi n'kumuika pansi pa maikulosikopu, pambali pake n'kuikapo kachidutswa ka galasi.

"A Mulepa, tabwerani. Galasili likutani?"

"Likunyezimira, bwana."

"Nanga diso la gulugufeyu?"

Ndinasuzumira. Disolo linali lakuda bii, lofewa ngati mwaye wa kunsi kwa poto. Nyale inkaliwomba chimodzimodzi, koma palibe kuwala kumene kunkabwerako. Ndinati mwina ndi chifukwa choti wafa.

A Msiska anaseka. "Ngakhale ali moyo. Tandiuzani, mvula ikagwa pa malata imatani?"

"Imasokosa, madontho n'kumadumpha."

"Pa denga la udzu?"

"Imangofikira phee."

"Kuwala nakonso n'chimodzimodzi. Kukafika pa chinthu chosalala ngati galasi, kumagunda mwadzidzidzi, kwina n'kubwerera. Kunyezimira kumene inu mumakusirira ndi kuwala kotayika, kumene kwakanika kulowa. Koma pa diso ili pali tinsonga tambirimbiri tondandalikana, tating'ono kwambiri moti kuwala sikuzindikira pamene mpweya wathera ndi pamene diso layambira. Kumangolowa pang'onopang'ono mpaka konse kwatha. Ndiye gulugufe amaona mumdima, ndipo chomusaka sichiona maso ake akunyezimira."

Ndinapotoza maikulosikopu uku ndi uku kufuna tinsongato. Iwo anati ndisadzivutitse, makina athuwo sangathe. Pamafunika ena aakulu ngati kabati, amene kwathu kuno kunalibe, anali ku Joni ndi maiko ena akutali. Kenako anatsegula dirowa n'kutulutsa chithunzi chotuwa chimene anadula m'magazini ya asayansi. Ana anga, chimene ndinaona pamenepo ndi munda wa tiyi. Timitu tozungulira, tofanana msinkhu, tili m'mizere mpaka kumapeto kwa pepala, monga mmene minda imaonekera ukakwera paphiri la kuseri kwa damu. Kuyambira tsiku limenelo ndikayenda m'minda ndinkadziona ngati kachitsotso koyenda pa diso la gulugufe, ndipo mumtima ndinalumbira kuti ndisanafe ndidzaona tinsongato ndi maso anga, osati papepala.

1997

Anandisamutsira ku divishoni ya kutali, cha kumbali ya kwa Changata, kumene magetsi anali nkhani yongomva. Misampha inkayendera nyale za parafini, ndipo parafiniyo ankasowa mwezi ndi mwezi. Nthawi zina mlonda ankamugawako kuti aunikire m'kanyumba kake, ine n'kupeza msampha uli gwa wopanda kanthu, ndipo lipoti linkaoneka ngati tagonjetsa tizilombo tonse ta m'Thyolo. Mapepala ofewa opukutira magalasi a maikulosikopu nawonso anatha, osabweranso. A Msiska akabwera pa njinga yamoto kudzandiyendera, choyamba kuona chinali magalasi amenewo. Ankawapendeketsa kuti ndione kamtundu kofiirira kamene kanali pamwamba pake, n'kunena kuti, "Aka si litsiro, a Mulepa. Ndi kakhungu kopyapyala kamene anthu anaikapo kuti kuwala kusabwerere. Tinsonga ta gulugufe sanatithe kupanga bwinobwino, akuyesabe, ndiye pakali pano akudalira kakhungu. Mukadzapukuta ndi malaya, ine ndi inu tidzadana." Kumapeto kwa chaka chimenecho anapuma n'kubwerera kwawo. Potsanzikana anandisiyira chithunzi chija, akuti kwawo kulibe tiyi woti achifanizire naye.

Apa ndiyenera kunena za amayi anu, chifukwa popanda iwo nkhaniyi ilibe mutu. Felesiya anali wotchuka m'malayini onse chifukwa cha mapoto. Akazi a pa esiteti ankapikisana pa thandala: Loweruka masana aliyense ankayanika ziwiya zake padzuwa, ndipo wodutsa ankadziwa yekha nyumba ya mkazi waukhondo. Amayi anu ankasefa phulusa ngati ufa, n'kusunga m'chitini chakechake, ndipo poto akamukwecha unkatha kumetera ndevu pamenepo. Kwa iwo chinthu chosawala chinali chisanatsukidwe, basi. Ketulo, zitsulo za njinga, ngakhale loko wa pachitseko, zonse zinalawa phulusa. Ndinkawaseka kuti tsiku lina ndidzagona tulo tofa nato n'kudzuka dazi langa likuthwanima. Iwo ankati, "Likanakhala langa bwenzi likuoneka kuchokera ku Luchenza."

2001

Chifuwa chachikulu chinawagwira kawiri. Ulendo woyamba anamwa mapiritsi n'kuchira. Chitabwereranso, achipatala anati mapiritsi okha sakwanira, pafunika jakisoni tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali. Anatichenjeza poyera kuti mankhwalawo nthawi zina amawononga makutu, ndipo tinavomera, chifukwa njira inayo inali ya kumanda. Akuluakulu a esiteti anandichitira chifundo n'kundibwezera ku labu yakale kuti tikhale pafupi ndi chipatala. Chifuwa chinatha, koma chinapita ndi makutu. Anayamba ndi kudandaula kuti m'mutu mukulira nyenje. Kenako tsiku lina wezulo ya fakitale inalira, ija imadzidzimutsa ngakhale agalu, iwo akusesa pabwalo osatembenuka n'komwe. Ndinaima pakhomo ndikuwayang'ana, ndipo ndinachita mantha kuposa tsiku limene anatsokomola magazi.

Sukulu anailekera koyambirira, ndiye zolemberana sizikanatithandiza. Kulankhula ankalankhula bwinobwino, kungoti mawu nthawi zina ankakwera ngati akuitana munthu kutsidya. Chovuta chinali kumva ife. Pang'onopang'ono anaphunzira kuwerenga milomo, koma yanga yokha ndiyo anaizolowera, ndi yanu pang'ono. Anthu ena ankalankhula mothamanga, kapena kutembenukira kumbali, kapena kuwafuulira m'khutu ngati phokoso lingatsegule chimene chatsekeka. Ndiye ine ndinasanduka khutu lawo. Kutchalitchi, kumaliro, kumsika, ankayang'ana wolankhulayo mwaulemu, kenako n'kutembenukira kwa ine kuti ndibwereze.

Koma pakamwa pokha sipokwanira. Milomo imapereka mawu, koma zoti munthu akufunsa, akuseka kapena wakhumudwa zimakhala m'maso. Inu mukudziwa maso anga: popanda magalasi sindisiyanitsa mbuzi ndi chitsa. Magalasi anga a nthawi imeneyo anali ochindikala ngati pansi pa botolo. Kuti aone milomo yanga ndinkayenera kuyang'ana kumene kukuchokera kuwala, ndipo ndikatero magalasi ankasanduka mawindo awiri oyera.

"Bambo a Lusiya," ankatero, "ndikuona chitseko ndi mtengo wa mapeyala. Inuyo sindikukuonani. Mukunena zoona kapena mukundinyenga?"

"Ndikunena zoona."

"Tavulani."

Ndikavula, iwo ankandiona, koma nkhope yawo kwa ine inkasanduka nkhungu. Ndikavala, ine ndinkawaona, iwo n'kunditaya. Tinkachita kusinthana ngati anthu obwerekana khasu limodzi, ndipo kwa zaka ziwiri ine ndi amayi anu sitinayang'anizane m'maso nthawi imodzi. Zimenezi sindinauzepo munthu, chifukwa ukazinena zimamveka zazing'ono, koma zinkandipweteka tsiku lililonse.

2003

Labu inali italandira bwana watsopano, mayi Nkhoma ochokera ku Lilongwe, munthu wachangu amene ankayenda ngati basi ikumusiya. Anali okhwima pa ntchito koma osakondera. Chaka chimenecho zinthu ziwiri zinandipeza pafupifupi nthawi imodzi.

Choyamba chinabwera ndi a Jafali a ku Luchenza, amene ankayendetsa lole yonyamula tiyi kupita ku Limbe. Tsiku lina tikucheza pa geti, dzuwa likuwawomba kumaso, ndinazindikira kuti avala magalasi koma maso awo ndikuwaona bwinobwino, mpaka timitsempha tofiira. Ndinawagwira mkono ngati ndagwira wakuba.

"A Jafali, magalasi awa munawatenga kuti?"

"Ku Blantyre, achimwene. Ndinkavutika ndi malaiti a magalimoto obwera kutsogolo, ndiye anandipangira osanyezimira. Bwanji, mwawasirira?"

Sabata yotsatira ndinakwera nawo lole. Mayi woyeza maso anandiuza kuti magalasi otere amawaitanitsa ku Joni, ndipo ine, wophunzira wa a Msiska, ndinafunsa ngati ali ndi tinsonga ta gulugufe. Anandiyang'ana ngati ndachita misala pang'ono, n'kunena kuti ndi kakhungu chabe, kosafuna nsalu yokhakhala, kongotsuka ndi madzi ndi kadontho ka sopo. Tinagulitsa mbuzi, n'kudikira.

Tsiku limene anafika ndinaweruka msanga. Amayi anu anali pakhonde akusankha nyemba, dzuwa litapendeka, nthawi yeniyeni imene magalasi akale ankachita chipongwe kwambiri. Ndinakhala moyang'anizana nawo. Anakweza mutu, n'kuweramanso, kenako n'kukwezanso msanga. Lichero linatsetsereka pamiyendo. Anayandikira, n'kugwira galasilo ndi chala kuti atsimikize kuti lilipo.

"Mulimo," anatero. "Bambo a Lusiya, mulimo!"

Tinakhala pamenepo mpaka nkhuku zinatha nyemba zonse zapansi. Sitinakambe nkhani iliyonse yofunika. Anandifunsa ngati ndiwo zadzulo zinali ndi mchere wokwanira, ndinati eya, ndipo anaseka mpaka misozi, akuti kwa zaka ziwiri ndakhala ndikuwanamiza za mchere.

Chachiwiri chinabwera ndi mayi Nkhoma. Anandiitana mu ofesi n'kundiuza kuti kwapezeka malo amodzi a kosi ya tizilombo ku Joni, ya theka la chaka, ndipo dzina limene apereka ndi langa. Wobwerako adzakhala mkulu wa labu. Anawonjezera, akumwetulira chifukwa ankadziwa matenda anga, kuti pasukulupo pali makina aja aakulu ngati kabati. Ndinatuluka mu ofesimo miyendo isakugunda pansi. Masiku amenewo ndinkayenda m'minda ndikulankhula ndekha, ndikudziona nditakhala kutsogolo kwa makinawo, gulugufe wa kwathu konkuno ali m'kati, munda wake ukutseguka mzere ndi mzere. Amayi anu ndinali ndisanawauze. Ndinkati ndipeze kaye mawu ake abwino.

Loweruka lina masana ndinabwera kuchokera kuminda thukuta lili kamukamu, ndinavula magalasi n'kuwaika pawindo, ndinakalowa kubafa. Kunja amayi anu anali pa ntchito yawo ya Loweruka, chitini cha phulusa chili pambali. Za kakhungu kaja ndinali nditafotokoza kunyumba nthawi ya tchuthi, inu mukukumbukira, ndinachita kukutopetsani nazo pa chakudya. Koma milomo inganene bwanji za chinthu chimene maso sachiona, chimene munthu sanachimvepo chiyambire? Iwo anangogwedeza mutu, monga anazolowera kuchita posafuna kuvutitsa anthu. Ndiye tsiku limenelo anatenga magalasi aja, anawapendeketsa padzuwa, n'kuona kamtundu kobiriwira pamwamba pake. Chinthu chimene chinawabwezera mwamuna wawo chinali ndi ndere, ndipo sichinkawala ngati galasi la munthu wosamalidwa. Anayamba ndi phulusa losefa. Kobiriwirako katakana, anawonjezera kamchenga ka kumtsinje.

Nditatuluka anandipatsa ndi manja awiri. "Ndachotsa zobiriwira zija. Zimakakamira, koma ndathana nazo."

Ndinavala. Chiperoni chinalowa m'nyumba, pabwalo, paliponse. Mkwiyo unandigwira, ndinaganiza za mbuzi, za ulendo wa pa lole, za kudikira konse kuja. Koma m'nkhungumo ndinkaona manja awo otuwa ndi phulusa ali pachifuwa, akudikira kuyamikiridwa, ndipo ndinangoti zikomo. Iwo anayandikira monga anachitira tsiku loyamba lija. Anayang'ana nthawi yaitali, anapendeketsa mutu wanga uku ndi uku, kenako mawu awo anatsika kwambiri.

"Bwanji sindikukuonaninso?"

M'mawa mwake titachoka kutchalitchi ndinavala magalasi ochindikala akale aja n'kutengera amayi anu ku labu, poti kiyi ndinkasunga ndine. Panja ndinaika kachidutswa ka lata ndi mtolo wa udzu. Ndinagwiritsa dzanja lawo kunsi kwa lata n'kuthira madzi a m'ketulo kuchokera m'mwamba, kuti amve kunjenjemera ndi kuona madontho akudumpha. Kenako chimodzimodzi pa udzu. Ndinaloza dzuwa, ndinaloza madzi, ndinabwereza mpaka ketulo inatha kangapo. M'kati ndinawaonetsa diso la gulugufe pambali pa kagalasi, monga anandionetsera a Msiska, kenako kamtundu kofiirira ka pa maikulosikopu, kenako chithunzi chija. Pena ankamva, pena ankasokonezeka, ine n'kuyambiranso ndi mawu ena, kuvula magalasi, kuvala, kuvulanso. Dzuwa linali litapendeka pamene anakweza mutu, chithunzi chili m'manja.

"Ndiye chosawalacho ndiye chinali chabwinocho," anatero.

"Eya."

"Ine n'kuchikwecha ngati poto."

Analira, ana anga, kulira kwenikweni, ndipo ine ndinalira nawo. Kenako anapukuta m'maso n'kunena kuti gulugufe ameneyu akanakhala wa pakhomo pawo bwenzi atamuchititsa khungu kalekale, ndipo tinaseka ngati ana m'labu ya eni ake.

Pobwerera tinadzera m'minda. Iwo anali patsogolo, ine pambuyo, ndipo m'mutu mwanga munali chinthu chimodzi. Kanthu kamodzi kakang'ono kanatitengera tsiku lathunthu, ketulo, lata ndi udzu, ndipo padziko lonse panalibe wina amene akanakhala nawo pansi mpaka amve. Iwe Lusiya unali kusekondale yogonera komweko, Yohane anali wamng'ono. Ndikapita theka la chaka, akadwala adzamva bwanji zimene adokotala akunena? Kukagwa maliro adzawauza ndani kuti wamwalira ndi uje? Adzangogwedeza mutu kwa aliyense, miyezi yonseyo, ali okhaokha pakati pa anthu. Tisanafike kunyumba ndinali nditadziwa chochita, ndipo sindikunamizani, chinandiwawa.

Lolemba ndinakagogoda kwa mayi Nkhoma n'kuwauza kuti sindipita chifukwa cha amayi anu.

"A Mulepa, mukudziwa chimene mukukana? Kosi imeneyi sibweranso. Zaka zanu zikupita."

"Ndikudziwa, bwana."

"Achibale palibe? Kwawo kwa Chimaliro si kutali. Angabwere achemwali awo kudzakhala nawo."

"Alipo, ndipo amawakonda. Koma akamalankhula amayang'ana kumbali."

Anandiyang'ana, akugogoda cholembera patebulo. "Ndiye mudzalamulidwa ndi munthu amene mwamuphunzitsa nokha ntchito. Mudzapirira?"

"Ndidzayesa."

"Ndikupatsani mpaka Lachisanu muganizenso."

Ndinati asadikire Lachisanu, chifukwa ndinkadzidziwa: ndikanagona nazo masiku amenewo, makina aja akanandinyengerera. Anatumiza a Phiri, mnzanga wa m'labu amene anabwera pambuyo panga, ndipo atabwerako anakhaladi bwana wanga mpaka ndinapuma. Anali munthu wabwino, sanandichititsepo manyazi.

Amayi anu anazimva kwa akazi anzawo pa mpopi, wina atawaonetsa ndi dzanja ndege ikuuluka, n'kuloza kunyumba kwathu, n'kupukusa mutu. Anakwiya kwambiri. Anati iwo si mwana wakhanda, anati ndawasandutsa chipika chomangirira mbuzi. Kwa masiku angapo ankakana kundiyang'ana kumaso, ndipo imeneyo inali njira yawo yotsekera makutu, yoposa ya munthu wina aliyense, chifukwa ungalankhule mpaka kutuluka thovu. Magalasi achiwiri osanyezimira atafika, patapita miyezi, anawalanda n'kulamula kuti wotsuka ndi iwo okha. Madzi, kadontho ka sopo, ndi duku lawo lakale lofewa. Yohane, ukukumbukira khofi limene unalandira utawagwira ndi manja a mango.

2009

Zaka zonsezo a Phiri sindinawafunse za makina aja. Kaya inali nsanje, kaya mantha oti andiuza zokoma kwambiri, sindikudziwa. Tsiku lotsanzikana, titamwa tiyi ndi mabanzi m'labu, anthu atabalalika, ndinalimba mtima.

"A Phiri, tinsonga tija munationa?"

"Ndinationa, madala. Anatilowetsa kagulu, aliyense kanthawi kochepa."

"Tinali bwanji?"

Anaganiza kaye. "Totuwa. Tambirimbiri. Ukasuntha pang'ono, tina, ukasunthanso, tinanso, osafika kumapeto. Ndinakumbukira inuyo. Ndinati mdala uja akanakhala pano akanachita kumukoka kuti atuluke."

Ndinawathokoza, ndinavula jasi loyera n'kulipachika pa msomali wake. Katundu anali atapita kale kwa Chimaliro, kwawo kwa amayi anu, kumene tinamanga kanyumba kano. Ndinakwera minibasi mpaka pa Luchenza, kenako kabaza. Njira yonse minda ya tiyi inali kumbali, yobiriwira, yodulidwa mofanana, ikukwera ndi kutsika mapiri, ndipo ndinaiyang'ana mpaka inathera kumbuyo. Wakabaza anandifunsa kawiri ngati ndagona.

Ndinawapeza pakhonde, dzuwa litapendeka. Ndinawauza zonse, za mabanzi, za mawu a mabwana, ndi zimene ananena a Phiri. Anamvetsera ndi maso mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa funso limene anali atalisunga zaka zonsezo.

"Bambo a Lusiya, mumadandaula?"

"Ayi."

Anandigwira chibwano n'kunditembenuzira kudzuwa. Magalasi akale aja akanandibisa, koma awa sabisa munthu.

"Milomo ikuti ayi," anatero. "Maso akuti pang'ono."

"Pang'ono, eya."

"Chabwino. Zapang'ono ndingathe kukhala nazo. Mukananena kuti ayi mpaka kumanda, ndiye bwenzi ndikudziwa kuti n'zambiri."

Ndiye Lusiya, magalasi a m'sutikesi aja, okwechedwa ndi phulusa aja, uwasiye mmene alili, m'duku momwemo. Palibe angaonere kanthu pa iwo, koma palibenso chinthu changa chimene munthu anachitsukapo ndi mtima wonse ngati amenewo. Tsiku limenelo pakhonde amayi anu anaona kuti amene ndinavala achita fumbi la pa kabaza. Anandivula, n'kulowa nawo m'nyumba, ine n'kutsala m'nkhungu ndikumva madzi akuthiridwa m'beseni. Atabwera anandiveka okha, anakonza kuseri kwa makutu, n'kusuzumira.

"Eya," anatero. "Mulimo."